Fisi Aletsa Ng'oma ya M'chifuwa

Kalekale, muja nyama zinkayankhula, mitima yawonso nkumayankha, kunali Fisi. Miyendo yake inayi inali yofanana, yaitali ngati nsungwi. Malume anga anaiona ndi maso awo.

Fisiyo ankafuna kudya mwana wa Ngoma. Ndati Ngoma nyama ya m'tchire, osati ng'oma ya pagule, tcherani khutu.

Tsiku lina anakathamangitsa kamwanako mpaka kukakhudza mchira. Kanapulumukira m'minga. Mayi wake anaona kuti mawa katha basi.

"Alamu," anatero Ngoma ali patali, "liwiro muli nalo. Chokuwonongerani ndi ng'oma ya m'chifuwayo. Timakumvani muli kutsidya."

Fisi anagwira pachifuwa. Zoonadi: gu! gu! gu!

"Iwe Mtima, ukundiululiranji?"

"Akulu, ndili pantchito," unatero Mtima. "Mukathamanga, miyendo imalira njala. Ndikakoleza ng'oma, magazi amavina, kukatenga mpweya kwa Mapapo, kukatula kumiyendo."

"Ndakufunsa za gule? Tsitsa!"

M'mawa mwake Mtima unaimba motsitsa. Fisi anathamanga, kamwana kanamusiya pachulu.

"Tamvabe, alamu!" anafuula Ngoma.

"Tsitsanso!" anatero Fisi.

Kutacha Mtima unangonong'ona. Magazi ankayenda ngati akupita kumaliro, nkuthera kumiyendo yakutsogolo, pafupi ndi woimba. Yakumbuyo inalira: "Kuno sikufika kanthu!"

"Funsani eni ake," unatero Mtima.

"Tamvabe pang'ono, alamu!"

"Khala chete ndithu!" anakalipa Fisi.

Tsiku lotsatira m'chifuwa munali zii. Fisi anaona kamwana kaja, analumpha, maso anachita chidima, khu! pansi. Kamwana kanabwerera kudzamununkhiza.

"Amayi, alamu anuwa agona?"

"Asiye, mwanawe. Akumvetsera ngati ng'oma yaleka."

Fisi anatong'ola diso limodzi. "Imba, m'bale wanga," ananong'ona. "Imba mpaka amve kumudzi."

Mtima unaimba, magazi anavina, Fisi anadzuka. Koma miyendo yakumbuyo inali itafota kale ndi njala, ndipo sinatalikenso. Nchifukwa chake mpaka lero amayenda ngati akufuna kukhala pansi. Kamwana kaja kanakula, nyanga zake mpaka kukola mitambo.

Choncho mukathamanga, mtima nkugunda, musaukalipire: ukutumiza chakudya kumiyendo. Wokugwirira ntchito sumutseka pakamwa chifukwa mdani wadandaula phokoso.

Yanga yathera pompa. Thamangani mukaphule mbatata ili pamotoyo isanapserere, mumve ng'oma yanu ikulira.