Dzinja la Thonje

Panali mtsikana wina mumzinda wa Blantyre amene anaphunzira ntchito yokongoletsa m'nyumba. Luso anali nalo, koma dzina analibe. Anali atangosiya ntchito kwa abwana ake kuti adziimire payekha, ndipo ambiri ankangodikira tsiku loti abwerere atazyolika.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunakonzedwa chionetsero cha anthu a ntchito imeneyi. Mayi Nangondo, amene ankamanga hotela yatsopano, anamuitana nati, "Mwanawe, undikonzere bala yachionetsero, malo omwerapo zakumwa, yosonyeza nyengo ya dzinja. Ikandikomera, bala yakuhotela ndikupatsa iwe."

Tsono kusukulu anamuphunzitsa kuti dzinja m'Chingerezi ndi nyengo ija yachisanu ya kwa azungu. Kufunsa sanafunse. Anatsegula magazini ake akunja, nagula thonje lambirimbiri, naliyala ponseponse kuti lioneke ngati chipale chofewa. Kauntala anaipaka utoto woyera, napachika nthambi zouma ndi nyali zabuluu. Kukongola kunakongoladi. Koma munthu woti chisanu chachikulu chimene ankachidziwa ndi cha ku Dedza anamanga dziko limene sanalipondepo.

Litatsala tsiku limodzi, Mayi Nangondo anabwera kudzaona. Anayang'ana uku, nayang'ana uko.

"Kodi mwanawe, wanditsegulira msika wa thonje? Ine ndinati dzinja. Nanga mvula ili kuti?"

Manyazi anamugwira mtsikanayo. Anzake okonza malo oyandikana anali atayamba kale kunong'onezana. Akanatha kutulutsa magazini aja n'kuyamba kudziikira kumbuyo. Koma iye anavula nsapato zake zazitali, nayamba kuzula thonje lija ndi manja ake, masanasana, onse akuona.

Pamwamba pa kauntala anakhoma malata akale. Anaboolaboola paipi, nailumikiza ku kapampu kuti madzi azigwera pamalatapo n'kubwereranso. Makoma anawapaka utoto wobiriwira wa chimanga chofika m'mawondo. M'mabeseni anathira dothi lofiira, naliwaza madzi kuti fungo lija la mvula yoyamba limveke. Kuzungulira nyali anapachika timapiko tapepala, ngati ngumbi zikutuluka.

Chionetsero chitatsegulidwa, mayi wina wovala suti analowa akudzipukuta thukuta. Atangomva mvula pamalata anafuula, "Mayo ine, zovala zanga pachingwe!" Anathamanga mpaka pakhomo, n'kupeza kunja dzuwa likuswabe mtengo. Anthu anafa nacho chiseko, iyenso anaseka, nabwerera kudzakhala pampando. Tsiku limenelo mipando ya m'balamo sinazizire.

Mayi Nangondo anapukuta misozi yachiseko, namugwira mtsikanayo paphewa. "Dzinja ndi limeneli, mwanawe. Lolemba ubwere kuhotela ndi tepi yako yoyezera."

Inu amene mukuphunzira ntchitoyi, munthu akakuuzani mawu, musathamangire kumagazini. Mufunseni chimene iyeyo akuona akamawatchula. Ndipo tsiku limene mudzapezeke kuti mwayala thonje pamene anafuna mvula, musadzatayike mtima, komanso musadzalimbikire mtunda wopanda madzi. Mudzavule nsapato, muzule. Amene anakusekani mukuzula ndi omwewo adzasowe pokhala mvula ikayamba kugwa.