Womasulira Amene Anamasulira Kupuma Kwake

Pa mpingo wina wa m'tauni panali munthu wina wachikulire, a Malikebu, amene ntchito yawo inali kumasulira. Pa mpingopo pankapempheranso alendo osamva Chichewa, choncho abusa ankalalikira m'Chingerezi, a Malikebu ataima pambali pawo kupereka mawuwo m'chiyankhulo chathu. Ntchitoyi anaiyamba tsitsi lili bii. Akazi awo anali atamwalira, ana ali kutali. Lamulungu ndilo linali tsiku lokhalo limene anthu ankadikira kuti iwo atsegule pakamwa.

Kenako makutu anayamba kufooka. Tsiku lina abusa ananena za nkhosa yotayika, iwo n'kumasulira za sitima yotayika, pakuti m'Chingerezi mayina awiriwa amamveka mofanana. Akulu a mpingo anagwirizana zowapumitsa, koma panalibe wolimba mtima wopita kukawauza. Anasiyira abusa kuti alengeze pa guwa. Abusawo, poopa mawu obaya, anasankha mneni wosamvekamveka. Anatembenukira kwa nkhalambayo, nanena pang'onopang'ono kuti mpingo waganiza zowachita superannuate.

Mneni ameneyu tiyenera kumumvetsa bwino. Anachokera ku mawu awiri a Chilatini, otanthauza "kupitirira" ndi "chaka". Kawirikawiri munthu sadzichitira yekha. Amachita kuchitiridwa ndi ena. Tanthauzo lake loyamba ndi kupumitsa munthu pa ntchito chifukwa cha ukalamba, nthawi zambiri pomupatsa penshoni. Lachiwiri ndi kuika chinthu padera chifukwa nthawi yake yatha, monga timachitira ndi wailesi yakale imene sitiitaya koma sitiiyatsanso.

A Malikebu ankawadziwa matanthauzo onse awiri. Mpingo unadikira kuti amasulire monga mwa masiku onse.

"Abale ndi alongo," anatero, "abusa akunena za ine. Mawu awowa ali pawiri. Mwina akuti ndapumitsidwa, mwina akuti ndatha ntchito. Womasulira sasankhira anthu. Musankha ndinu."

Anthu anaseka poyesa nthabwala, nawomba m'manja. Amayi a mumpingo anawafunditsa bulangete latsopano akuimba.

Lamulungu lotsatira a Malikebu anakhala pa benchi la kumbuyo, kumene mawu a pa guwa sankawafika. Wolowa m'malo mwawo sanabwere kudzawafunsa ngakhale liwu limodzi. Mvula itayamba, analeka kupita. Akulu ankaganiza kuti abusa akawaona. Abusa ankaganiza kuti amayi akawaona. A Malikebu Lamulungu lililonse m'mawa ankavalabe jekete n'kukhala pakhonde, kuyang'ana anthu akudutsa pa msewu ulendo wa ku tchalitchi. Ena ankawakwezera dzanja. Wokhota kulowa pabwalo panalibe.

Inu amene mukundimvera, dikishonale imatipatsa matanthauzo awiri, koma siyingatiuze kuti tanthauzo liti ndi la munthu uti. Zimenezo amagamula ndi otsala pa ntchito, ndipo sagamula pa tsiku la mwambo ayi, koma m'miyezi yotsatira. Aliyense wa inu ali ndi wina amene anamuwombera m'manja pomupumitsa. Ngati chiyambire tsikulo simunapondeko kwawo, ndiye kuti mawu aja munawamasulira kale.