Chitsime cha m'dimba la Kamwaza

Takhalani pansi inu, musiye phokosolo, mumve za Kamwaza wa kuseri kwa phiri.

Bambo ameneyu anali ndi dimba loti anthu ankachita kupatuka panjira kukaliona. Mwezi wa Juni, chisanu chitawaula udzu wonse m'dambo, kwa iye mpiru uli biriwiri, matimati mpaka kuthyola zichiri. Chitsime cha m'dimbamo anakumba yekha ali mnyamata, cholekeza m'chiuno. Chikumbireni sanasuzumiremonso, koma kudzitama kwake ngati anakumba mtsinje.

Wothirira anali mkazi wake, Nangozo. Ankalawirira nkhungu isanachoke, n'kubwera dzuwa lili pamutu, matope mpaka m'tsitsi, akutsokomola.

"Kodi iwe umakathirira kapena umakasambira?" ankatero Kamwaza. "Madzi ali pompo, kutunga kokha mpaka masana?"

"Ndamva, bambo," ankangotero mayiyo.

Chifuwacho chinamutenga chaka china, mvula itangosiya. Maliro atatha, Kamwaza ananyamula yekha keni yothirira. Mwezi woyamba ankatunga chowerama. Wachiwiri anamangirira chingwe. Wachitatu analumikiza chingwe cha mbuzi, apo matimati ali pamaluwa, masamba atayamba kulendewera. Chimene chinkamudabwitsa n'chakuti madzi ankangotsika, koma pansi osaoneka.

Tsiku lina anadutsa Zuze, mlongo wa malemu.

"Alamu, chitsime chanu cha m'chiuno chija chadya zingwe zingati?"

"Chaka chino kwauma, alamu."

"Kumauma chaka chilichonse. Tsikiranimo mukaone."

M'mawa wina keni inagunda pouma, gu! Nkhungu ili tolo, dambo lonse lili zii, ngakhale chule osalira. Kamwaza atasuzumira anaona timaenje topondamo m'khoma, totsika mozungulira. Anaikamo phazi, silinakwane. Tinali ta phazi laling'ono. Anatsika choncho, akupondera zala zokha. Mutu unalowa, anapitirirabe, mpaka kumwamba kunangotsala kabowo ngati mbale. Misinkhu itatu ya munthu wamkulu!

Pansipo anapeza kakhasu kotheratu. M'khoma monse munali zidindo za manja, pamene mayi uja ankagwirira pokumba m'mawa uliwonse, kulondola madzi akamathawa, miyendo ili m'thope lozizira. Kamwaza anaika dzanja lake pa chidindo chimodzi. Dothi lonse linali gwa, koma pamenepo panali ponyowa, pofunda, ngati wina wangochotsapo dzanja.

Kenako, pansi pa mapazi ake penipeni: khu, khu, khu. Khasu likukumba.

"Nangozo?" anatero monong'ona. "Mkazi wanga?"

Kukumbako kunaleka. Anadikira. Palibe anayankha.

Mmene anatulukiramo, mwini wake sankadziwa. Anthu anamupeza atakhala pamzere, zikhadabo zili magazi. Matimati anafota onse, maluwa n'kuyoyoka, ndipo iye sanapondenso m'dambomo mpaka imfa yake.

Ndiye kuchokera pamenepo akuluakulu amati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Munthu akamakugwirira ntchito ali chete, umayesa zinthu zikungochitika zokha. Umadzadziwa kuti anali ndani atapita, nthawi yoti "pepa" wako alibenso khutu lomumvera. Nanga si inu, mumangotsegula poto n'kumayesa ndiwo zimamera momwemo.