Dalaivala Amene Analemba "Ayi"

Panali munthu wina amene anali ndi lole yaing'ono yonyamulira tomato kuchokera ku Lizulu kupita mumzinda. Anali waliwiro pamsewu, ndipo liwirolo linamufikitsa kukhoti. Woweruza anamulanda laisensi kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Anapirira miyezi isanu. M'mwezi wotsiriza tomato anapsa nthawi imodzi, womuyendetsera lole n'kusowa. Mumtima anati, "Kaulendo kamodzi kokha." Apolisi apamsewu anamuimitsa asanafike n'ku Dedza komwe, ndipo khoti linamupeza wolakwa poyendetsa ali woletsedwa.

Pamene ankamubwezera laisensi, inshuwalansi ya lole inali itatha. Makampani awiri anamukana atangomva za mlanduwo. Kukampani yachitatu anapeza mayi wina kalaliki, amene anamupatsa fomu.

"Apa akufunsa ngati munapezekapo wolakwa pa mlandu wapamsewu," anatero mayiyo. "Mukavomera sitikubwezani, bambo. Kungoti mtengo umakwera katatu."

Munthu uja anagwira cholembera nthawi yaitali. Kenaka analemba kuti "Ayi." Analipira mtengo wotsika, natuluka akuona ngati wachenjera.

Patapita miyezi inayi, tsiku lina lamvula, lole inaterereka n'kugunda bambo wina wakabaza. Mwendo wa bamboyo unathyoka pawiri. Tsiku limenelo dalaivala sankathamanga n'komwe. Anamunyamula yekha kupita naye kuchipatala, akumulimbitsa mtima m'njira: "Musade nkhawa achimwene, galimotoyi ili ndi inshuwalansi."

Koma akampani anakafufuza kukhoti. Atamuitana dalaivalayo, kalaliki uja anayala fomu patebulo, naloza ndi chala.

"Ife tinalonjeza kuteteza munthu wolembedwa apayu, amene sanaimepo pamaso pa woweruza. Inuyo, bambo, sitikukudziwani."

Kampani inakana kulipira. Wakabaza anali ndi mkazi ndi ana atatu, ndipo mwendo sunachire msanga. Munthu uja anagulitsa lole kuti awasamalire. Lero amasenza madengu a tomato pamsika, kukweza m'malole a anzake.

Tsono inu amene mukundimvera, mukamapempha mnzanu kuti adzakugwireni dzanja pa tsiku latsoka, muuzeni pomwe munagwapo kale. Mwina adzakulandirani movutikira, koma adzakhala walandira inuyo. Mukamuonetsa munthu wabwino wongopeka, tsoka likadzafika adzathandiza wongopekayo, inu mutaima panja.