Chipata cha Madzi ndi Pepala la M'kabati

Panali munthu wina dzina lake Lufeyo, amene ankayang'anira chipata cha madzi pa sikimu ina ya mpunga. Chipatacho anachimanga ndi alendo ochokera kutsidya kwa nyanja. Chinali chachitsulo, cholemera moti amuna khumi sakanachinyamula, ndipo pambali pake panali kabokosi kokhoma kokhala ndi kanyali kobiriwira. Eni akewo akadina makina awo kwawoko, chipata chinkakwera chokha, madzi n'kuyenderera m'ngalande. Tsiku lochipereka anthu anavina mpaka fumbi koboo, ndipo matabwa akale otsekera madzi anawasonkhera pamoto wophikira alendowo.

Ntchito ya Lufeyo inali yochotsa zinyalala ndi kuyang'ana kanyali. Pakabokosipo panalembedwa kuti "Osatsegula," ndipo pansi pake panali nambala ya foni.

Chaka chachitatu chipata chinakhala masiku awiri osakwera. Lufeyo anaimba nambala ija, koma anangomva mawu ojambulidwa a mayi wina amene ankamuthokoza chifukwa chodikira. Tsiku lachitatu chinakwera, popanda wonena chimene chinavuta. Anthu anaseka n'kuiwala. Lufeyo yekha mtima sunakhalenso m'malo. Kumathero kwenikweni kwa ngalande kunali munda wa mlamu wake, aNangozo, mkazi wa malemu mkulu wake, amene ankalera ana anayi ndi mpunga wa pamenepo. Madzi ankafika kumeneko pomalizira, ndipo akachepa, kumeneko ndi kumene kunkayamba kuuma.

Tsiku lina Lufeyo anapita kumaliro kudera lina, ulendo wa masiku awiri. Kumeneko anaona chipata chonga chakwawo, koma kabokosi anali atakachotsa. M'malo mwake munali gudumu lachitsulo, ndipo mayi mmodzi ankalipukusa ndi manja, mwana ali kumbuyo, chipata n'kumakwera. Lufeyo anayandikira. Anafunsa amene anapanga, ndipo anamulozera kwa mmisiri wina wowotcherera zitsulo.

Mmisiriyo anatulutsa pepala lalikulu lothimbirira. Panali chithunzi cha gudumu ndi miyeso yake yonse, ndi njira yomasulira kabokosi popanda kugwetsa chipata. Zolembazo sizinali za dzanja limodzi. Wina anawonjezera njira yoletsa mchenga kulowa m'mano a gudumu. Wina analemba kuti tcheni cha njinga yamoto chimagwira bwino ntchito. Mmisiri uja anakhala pansi, anakopera zonse papepala lina, n'kumupatsa.

"Lilibe mwini ili," anatero. "Ifenso anatipatsa ena. Lamulo lake ndi limodzi basi: musakalitsekere. Wofuna kukopera akopere, wokonza penapake alembepo zimene wakonza."

Lufeyo anabwerera pepala lili m'malaya, akuligwiragwira njira yonse. Atafika pamsika wakwawo anadutsa pashedi ya mmisiri wawo, Yotamu, amene ankawotcherera mawilibala ndi zitseko.

"Mwanyamula chiyani pachifuwapo, a Lufeyo? Mukuyenda ngati mwabisa nkhuku," anatero Yotamu.

Dzanja la Lufeyo linafika pabatani la malaya. Kenako anaganiza kuti sikimu ili ndi komiti yake, ndipo si ulemu kuti chinthu chachikulu chotere chiyambe kuonedwa pamsika akuluakulu asanachione. Anabweza dzanja.

"Mudzaona akuluakulu akavomereza," anatero, n'kupitirira.

Komiti inamulandira bwino kwambiri. Apampando anavala magalasi, anatambasula pepala, anagwedeza mutu. Onse anaomba m'manja. Mlembi anatenga chidindo, anachipumira, n'kudinda pakona: CHALANDIRIDWA.

"Chinthu chamtengo wapatali ngati ichi sichingamangoyenda m'manja mwa aliyense," anatero apampando. Analipinda, analiika m'kabati ya matabwa ya mu ofesi, anakhoma, kiyi n'kuponya m'thumba la jekete.

Lufeyo anakumbuka lamulo lija. Anatsegula pakamwa, koma anthu anali akuombabe m'manja, ndipo iye anachita manyazi kusokoneza chimwemwe.

Tsono inu mukuidziwa komiti. Msonkhano woyamba unalephereka chifukwa anthu sanakwane. Wachiwiri unasankha komiti yaing'ono yoti iunike pepalalo, ndipo dzuwa linapendeka akukangana za dzina la komiti yaing'onoyo. Pa wachitatu wina anafunsa kuti, "Nanga eni chipata akamva, sakhumudwa? Si omwewa anatitumizira zipewa ndi makalendala?" Onse anati zimenezo n'zofunika kuziganizira mofatsa. Palibe amene anakana gudumu. Ndikunenetsa, palibe ndi mmodzi yemwe. Aliyense ankalifuna, koma ankalifuna mawa.

Mvula inabwera, inapita. Lufeyo ankadzuka m'mamawa kukayang'ana kanyali, ndipo akakaona kali kobiriwira ankapuma, koma mpumulo wake unkatha dzuwa lisanafike pamutu. Anayamba kuwonda. Mwezi uliwonse ankafika ku ofesi, chipewa chili m'manja.

"Bwanji za pepala lija, apampando?"

"Tikuziganizirabe, a Lufeyo. Musathamange. Kanyali si kakuyaka?"

Akale anati ndionetsetse anathetsa nkhosa. Lufeyo ankaudziwa mwambiwo, koma ankangounenera mumtima.

M'chilimwe, anthu atafesa mpunga m'manazale, foni ya Lufeyo inalandira uthenga. Eni chipata ankati asintha makina awo, ndipo mwezi ukatha sadzayendetsanso zipata za mtundu wakale. Anamaliza ndi kuthokoza. Lufeyo anathamanga nawo uthengawo ku ofesi thukuta lili kamukamu. Apampando anauwerenga kawiri, anati nkhani yake ndi yaikulu, ndipo anaiika pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wotsatira.

Pa tsiku loyamba la mwezi kanyali kanafiira. Chipata chinali pansi, ndipo chinakhala pansi.

Amuna anabwera ndi mipiringidzo, koma sichinasunthe. Wina anati achiswe, anzake anamukumbutsa kuti chikasweka mtsinje wonse ulowa m'minda n'kukokolola zonse. Madzi otsala m'ngalande anaphwa. Tsiku lachitatu aNangozo anafika pachipata atanyamula mbande zingapo m'manja, nsonga zake zitayamba chikasu.

"Alamu, nthaka yang'ambika kwathuko. Ndikutunga ndi ndowa, koma dzuwa likundiposa. Paja munati muli ndi pepala?"

"Lilipo, alamu. Lili pabwino."

Anapita ku ofesi. Mlembi anamuuza kuti apampando apita ku tauni, kumsonkhano wa sabata yathunthu wokambirana za kudzidalira. Kiyi anapita naye m'jekete.

Lufeyo anadikira tsiku limodzi, chifukwa kuthyola kabati ya komiti si nkhani yamasewera. Anadikiranso lachiwiri. Lachitatu m'mawa anadutsa kumunda kwa mlamu wake, ndipo anapeza ana onse anayi ali pamzere kuchokera kuchitsime, akupatsirana ndowa, wamng'ono akulira ndi kutopa. Sanawapatse moni. Anabwerera kunyumba, anatenga nkhwangwa, anakaitana Yotamu kuti abwere ndi zida zake, ndipo analowa mu ofesi mlembi akukuwa. Anatema kabati kamodzi, chitseko n'kugwa.

M'katimo munali dothi. Chiswe chinalowera kumbuyo nthawi ya mvula, chinamanga njira zake, ndipo chinadya mwakachetechete miyezi yonse imene komiti inkaganizira. Lufeyo anafukula ndi zala. Gudumu linali litapita, miyeso itapita, tcheni cha njinga yamoto chitapita. Chimene chinatsala ndi kakona kamodzi, mwina chifukwa inki yake inali yowawa. Pakakonapo panali mawu aja: CHALANDIRIDWA.

Yotamu anayang'ana kakonako, anayang'ana Lufeyo.

"Simunakopereko pena?"

Lufeyo anapukusa mutu.

"Tsiku lija munadutsa pashedi panga," anatero Yotamu pang'onopang'ono, "ndinali ndi pensulo kukhutu."

Tsiku lomwelo Lufeyo ananyamuka ulendo wa masiku awiri uja kukatenganso pepala lina, ndipo pobwera anakopera pepalalo pamalo aliwonse amene anapumira. Gudumu linapangidwa. Chipata chinakwera. Koma madzi atafika kumathero a ngalande anapeza nazale ya aNangozo itauma gwaa, ndipo anangodutsa pamwamba pake.

Fanizoli ndi lanu ndi ine, ndipo ndikulinena mtima uli m'mwamba. Maina athu, zolemba za odwala athu, mayeso a ana athu, mapu a minda yathu, zambiri mwa izi timazisunga m'makompyuta oyendera mapulogalamu amene sitiloledwa kuwatsegula. Kanyali kakuyaka lero, inde. Koma chala chimene chimakayatsa si chathu, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mapulogalamu otseguka alipo, amene aliyense angathe kuwawerenga, kuwakopera ndi kuwakonza. Amisiri tili nawo, ana athu omwe, pensulo ili kukhutu. Atsogoleri athu sanakane. Aomba m'manja, adinda, asankha komiti. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti chiswe sichidikira msonkhano wotsatira.

Tsono inu amene muli ndi kiyi m'jekete, tsegulani kabati kanyali kasanafiire. Ndipo inu amene mwanyamula pepala m'malaya, musamuloze chala wapampando yekha. Lufeyo anauzidwa kuti pepalalo silifuna chilolezo, koma anakapemphabe chilolezo. Amene anagona ndi njala chaka chimenecho sanali iye, sanalinso apampando. Anali ana anayi a kumathero kwa ngalande, amene sanaitanidwepo kumsonkhano uliwonse.