Chitseko cha Tsokonombwe

Ana inu, mwambi uwu wa tsokonombwe ambiri amangoutchula, koma ine ndikudziwa kumene unachokera, pakuti unabadwira pabanja pathu pomwe. Kusekondale sindinapitire kukaotha dzuwa ayi, ndimanena zimene ndinafufuza.

Agogo a bambo anga, a Gwireni, anali osema mitengo kumapiri a ku Dedza. Luso lawo linali lapakatikati. Amene anali ndi dzanja lodabwitsa anali alamu awo, a Chimwaza. Iwo akagwira sompho, mtengo unkachita kumvera. Koma ankasema pokhapokha mtima ukawauza, ndipo mtimawo unkatha mwezi uli duu.

A Gwireni ankasema m'mawa uliwonse asanapite kumunda, mpaka mthunzi wa nkhokwe ufike pamwala wonolera. Ukafika, ankaika zida pansi ngakhale ntchito ikukoma. A Chimwaza ankawaseka, nawatcha Tsokonombwe, chiwala chonenepa chija chosatha kuuluka.

Tchalitchi chatsopano chitamangidwa, akuluakulu anauza awiriwa kuti aliyense aseme chitseko, ndipo chokongola koposa chidzaikidwa pakhomo lalikulu nthawi yokolola. A Gwireni anatenga thabwa la mlombwa lomwe linauma kalekale, nayamba mawa lake. A Chimwaza anati nthawi ilipo.

Patapita miyezi iwiri, anthu anayamba kupatukira kwa a Gwireni kukaona wofesa mbewu akutuluka m'thabwa muja. Ngakhale mkazi wa a Chimwaza anabwerako akutama. Nsanje inawadya a Chimwaza. Ankayendayenda m'mudzi kunena kuti munthu wa dzanja lolemera chotere sangaseme zotere, sompho yake ili ndi mankhwala. Tsiku lina eni ake ali kumunda, anaitenga nakaibisa kudenga.

M'mawa mwake anadutsa dala kuti akamve bata. M'malo mwake anamva go, go, go. A Gwireni anali atanola khasu lakutha, akusema nalo.

"Alamu, sompho ija yapita kuti?"

"Yapita kokayenda, alamu. Koma m'mawa sunapite nayo."

Kutatsala sabata imodzi, a Chimwaza anadula mlombwa wauwisi nasema masiku asanu osapuma, ndi sompho yobayo. Zoona zinenedwe, chitseko chawo chinali chokongola kuposa chinzake. Zonse ziwiri anaziimika padzuwa panja pa tchalitchi kwa masiku atatu kuti anthu azione. Tsiku lachitatu masana kunamveka phwaa! Chauwisi chija chinang'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi, mng'alu utadutsa pankhope ya mngelo amene anasemapo.

A Chimwaza anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenaka anapita kwawo, nabwera ndi sompho ija, naiika pamapazi a alamu awo anthu onse akuona.

"Mulibe kanthu m'menemu," anatero motsitsa mawu. "Ine wa mapiko ndagwera panjira. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha."

Mwambiwu unayambira pamenepo. Ukutanthauza kuti ntchito yaikulu imatha ndi pang'onopang'ono wa tsiku ndi tsiku, osati ndi liwiro la tsiku limodzi. Wojambula, wosoka kapena wopeka nyimbo asamadikire mtima, asankhe nthawi yake ndi kuisunga. Ndipo mukaona mnzanu akukupitirirani, musamuchitire nsanje pa chida chake, funsani nthawi imene amadzuka. Chitseko cha a Gwireni chija ndinachigwira ndi dzanja langali, ndipo chikutsekabe pakhomo lalikulu la tchalitchi.