Mitala ya m'kompyuta ya Lyford

Kuseri kwa msika wa pa Mzimba Boma, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wogulitsa usipa, panali kachipinda ka Lyford Nyirongo. M'katimo munali kompyuta imodzi, pulinta yotsokomola ngati nkhalamba ya fodya, ndi benchi yong'amba zitenje. Ofuna makalata a ntchito ndi makadi a ukwati ankabwera kwa iye, chifukwa zala zake zinkathamanga. Chomwe sichinkathamanga ndi mutu.

M'kompyutamo munali pulogalamu yolembera yakalekale, imene Lyford ankaidziwa ngati njira ya kubafa kwawo. Tsiku lina mnzake Wilfred, kalaliki wa kumacheka ku Chikangawa, anabwera ndi yatsopano.

"Ndikuikira iyi, koma yakaleyo tichotse," anatero Wilfred.

"Yayi! Yalakwanji? Yandidyetsa zaka zonsezi."

"Mbwenu yatsopanoyi ndibwerere nayo."

"Yayinso. Makasitomala akaona zamakono sanenerera mtengo. Zikhale zonse. Agogo anga anasunga akazi atatu, ine ndilephere timapulogalamu tiwiri?"

"Agogo ako mkazi aliyense anam'mangira nyumba yake, mnyane. Iwe ukufuna kuwagoneka pamphasa imodzi."

Lyford anaseka, nkuitcha yakaleyo Mayi Wamkulu, yatsopanoyo Mayi Wamng'ono. Ndipo nkhondo inayamba sabata yomweyo. Akatsegula Wamng'ono, ankayamba wasuntha kaye katundu wa mnzake, kasitomala ali tong'o pabenchi. Akabwerera kwa Wamkulu, nayenso ankayamba wabweza zonse m'malo mwake. Choipitsitsa, chimene wasunga Wamng'ono, Wamkulu sankachiona nkomwe, ngati mkazi wokana kulawa ndiwo za mkazi mnzake. Wilfred anachenjezanso kawiri. Anangotaya malovu. Lyford ankalembera kulikonse kumene kwatseguka, koma kupulinta ankapulintira kwa Wamkulu basi, ati pulintayo inazolowera mawu ake.

Mwezi wa Ogasiti kunabwera mayi wamasiye wa ku Edingeni, NyaGausi, mtsogoleri wa amayi a Umanyano kutchalitchi kwawo. Anali atagulitsa ng'ombe kuti amange chiliza cha amuna awo, a Yotam Thole, ndipo ankafuna mawu osemedwa pamwalapo alembedwe bwino papepala.

"Mwana wanga, umve," anatero mayiwo. "Mwala si bolodi la kusukulu, safufuta. Ukandilembera bwino, amasiye onse a ku Edingeni ndiwabweretsa pakhomo pano. Ukandilakwira, udzadziwa chifukwa chake agalu akwathu amandipatukira."

"Amama, mwafika pa katswiri."

Katswiriyo ulesi. M'malo moyamba pepala latsopano, anatsegula kwa Wamkulu mawu a chiliza cha bambo wina wa ku Euthini, amene anawalemba chaka chatha. Anafufuta dzina la bamboyo nkuikapo la a Thole, anasinthanso zaka, nkusunga. Mawu apansi NyaGausi anati akaganize kaye, si zothamangira.

Anabweranso Lachisanu. Tsiku limenelo amene anathamangira kutsegula pepalalo anali Wamng'ono.

"Lemba m'Chitumbuka," analamula mayiwo. "Ulembe kuti: mkazi wanu mmodzi yekha, NyaGausi, akukulirani. Mawu akuti mmodziwo uwanenepetse. Azichimwene ake onse anatenga mitala, iye anakana mpaka kumanda. Awerenge, ziwawawe."

Lyford anafufuta zakalezo nalemba zatsopano, mayiwo akuyang'anitsitsa. Posunga, Wamng'ono anafunsa funso lalitali m'Chingerezi. Kuwerenga ayi, iye anangodina povomera. Sanadziwe kuti mapepala tsopano akhala awiri a dzina limodzi: Wamng'ono wasunga lake lokonzedwa, Wamkulu wakumbatirabe lake lija. Asanapulinte, magetsi phi!

"Pikapu ya ku Edingeni indisiya," anadandaula NyaGausi.

"Pitani, amama. Mawa ndikapereka ndekha kwa osema."

M'mawa mwake anapulintira kwa Wamkulu monga mwa chizolowezi, maso ali pa mayi wa usipa amene ankamuseka za nsapato zake. Anasuzumira pamwamba, anaona dzina la a Thole, anapinda pepala. Wosema miyalayo, a Matthews, anali wa ku Dedza, Chitumbuka ankangodziwa mawu othokozera okha, yewo. Iwo ankasema chimene chili papepala. Ntchentche ikanafera pamenepo akanaisemanso. Mwala unapita ku Edingeni wokutidwa, anaumangirira ndi simenti, nsalu yoyera ili pamwamba. Paja mwambo wake nkuti munthu asauone kufikira tsiku lovundukula.

Tsikulo Lyford anavala suti m'dzuwa la Okutobala, matumba odzaza timakadi ta bizinesi yake. Anthu anali khwimbi: akuchimuna, akuchikazi, amayi a Umanyano atayera mbee. Abusa anapemphera, mwana woyamba anakoka nsalu, ndipo mlembi wa mpingo anakonza magalasi nayamba kuwerenga mokweza. Dzina linali bwino. Zaka zinali bwino. Atafika pansi anatsokomola.

"Werengani, adada!" anafuula NyaGausi. "Amve onse!"

Mlembiyo anapitiriza. "Ŵawoli ŵinu ŵaŵiri..."

"Akazi awiri?" anadabwa wina kumbuyo.

"...NyaLungu na NyaZimba, ŵakumulirani."

Anali mawu apansi a chiliza cha bambo wa ku Euthini uja. Mwini ng'ombe dzina lake panalibe ngakhale pakona. Kenako mkulu wake wa malemu, mwini akazi atatu, anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nkhope ikuwala.

"Yotam, Yotam. Unkatilalikira ife, kani iwe unali nawo obisa? Unachita bwino chomene, mng'ono wanga!"

Maso onse anatembenukira kwa amayi a Umanyano, pakuti pakati pawo panalidi NyaZimba, gogo wopanda dzino ndi limodzi lomwe, woyendera ndodo.

"Ine?" anatero gogoyo. "Bwanji sanandiuze akadali moyo? Bwenzi nditalandirako sopo!"

Anthu anayesa kudziletsa, koma chiseko chinaphulika mpaka abusa anabisa nkhope m'buku la nyimbo. NyaGausi yekha ndiye sanaseke. Anayendetsa maso m'khamulo mpaka anapeza suti ija ikubwerera chambuyo kulowera ku mitengo.

"Iwe wa makina! Bwera kuno!"

"Amama, ndapota, si ine. Ndi Mayi Wamkulu. Zolondolazo zili kwa Mayi Wamng'ono."

"Mwamumva? Nayenso ali ndi awiri! Nchifukwa chake akugawira ndi akufa omwe!"

"Ayi, amama, ndi mapulogalamu..."

"Zaka makumi anayi mwamuna wanga wasunga dzina lake, iwe walidetsa ndi chala chimodzi! Wam'kwatitsa ali m'manda, popanda ndi lobola yomwe! Ng'ombe yanga ndagulira akazi anzanga mwala?"

Lyford nyama ya pamwambo sanailawe. Anatuluka m'mudzimo timakadi tikugwa m'njira, ana akutola.

Lolemba m'mawa anapeza benchi lake ladzaza. NyaGausi anali atakhala pakati, amayi a Umanyano uku ndi uku, ena pakhonde, akuimba nyimbo za maliro motsitsa. Sanatukwane, sanaswe kanthu. Kasitomala aliyense wofika, amayiwo ankangomufunsa mwaulemu kuti, "Muli ndi akazi angati, adada? Lowani akuwonjezereni." Pofika masana nkhani inali itazungulira msika wonse, mpaka a kabaza ankaimika njinga kuti aone katswiri wokwatitsa mitembo.

Lyford anayatsa kompyuta kuti awaonetse kuti mawu olondola analipo ndithu. Anatsegula Wamng'ono. Wamng'ono anayamba kusuntha katundu. Anatseka, natsegula Wamkulu. Wamkulu nayenso anayamba zake. Thukuta linali kamukamu.

"Usavutike, mwana wanga," anatero NyaGausi. "Ine sindikagoneka makina pamanda. Ndikufuna mwala."

Mwala wina ukanachokera kuti, munthu wopanda ndi nkhuku yomwe? Madzulo ake Wilfred anatsika ku Chikangawa, anagula kompyuta ndi pulinta yomwe, ndalama zinapita m'manja mwa a Matthews mayiwo akuona. Asananyamule katundu wake, Wilfred anakhala pansi, anachotsa pulogalamu imodzi, anapulinta mawu olondola aja, napereka kwa NyaGausi. Mayiwo anawerenga chilembo ndi chilembo, chala chikuyenda, kenako anakapereka okha kwa wosema.

Lyford anaima pakhomo kuyang'ana kabaza akupita ndi makina ake atamangidwa ndi mphira pakaliyala. Wamkulu anali atafufutidwa, Wamng'ono anali kupita kwa mwamuna wina. Mayi wa usipa anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Achimwene, nanga lero mugona nyumba iti?"

Lyford anafuna kusunga zakale osataya, anafunanso zatsopano osaphunzira, mapeto ake anatsala ndi benchi yong'amba zitenje. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.